Yunifolomu Yanga Yakale Ipita Kukapha Anamapopa

Christabel, mwana wanga wa zaka 16, anandipeza ndikuviika mapazi m'beseni nditangoweruka ku nyumba yosamalira okalamba. Anandiika foni pamphuno. Akuti Loweruka ku Nottingham kuli mpikisano wovala ngati anthu a m'mafilimu, ndiye ndimusokere chimene ndikuonachi.

Ndinayang'ana. Mtsikana wopha anamapopa, lupanga m'manja, mchombo pamtunda, kabudula ngati kampango kominira, nsapato za gogoda. Mu Febuluwale, mwezi wozizira koopsa kuno.

"Iwe, ukufuna mphotho kapena chibayo?"

Anayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Akuti aliyense avala choncho, mnzake Tiffany yemwe, ndipo akaphonya chaka chino basi, chaka chamawa ndi mayeso. Ndinamuuza kuti mchombo wa mwana wanga sukwera sitima. Anamenyetsa chitseko. Kenako ananditumizira komiki ya ku Korea imene filimuyo inachokera, akuti ndiwerenge kaye ndisanaweruze.

M'mawa ndinaitsegula m'basi kuchoka kwathu ku Braunstone, kungoti ndikanene kuti ndaona. Ndi yowerengera pafoni, umangokankha chala, zithunzi n'kumatsika. Anthu inu! Ndinapitirira siteji yanga.

M'komikimo mulibe kamtsikana kaja. Muli mayi wamkulu ngati ine, wogwira ntchito yanga yomweyi. Akuona kuti okalamba ake akudzuka atayezuka, timabala tiwiri pakhosi, mabwana n'kumati ndi ukalamba. Amavala yunifolomu ndi nsapato za labala. Chida chake ndi chitsulo chokolekapo diripi, adyo amatapa m'kontena ya chakudya chake chamasana. Ndipo asanayambe ndewu iliyonse amawerama kaye, kusisita bondo, n'kuusa moyo.

Madzulo tinaonera filimuyo limodzi. Chilungamo, ndewu zake n'zokoma, pothamangitsana pamadenga paja ndinataya tiyi pakapeti. Koma okalamba aja anawachotsa onse. Mayi uja anamusandutsa mwana wa pa njinga yamoto, akuphulitsa nyumba osadziwika kuti akuteteza ndani. Ndinakalipira TV mpaka Christabel anati ndikumusokoneza.

Ndinakatulutsa yunifolomu yanga yabuluu yakale. Ndinati akavala wa m'komiki, ndisoka lero lomwe ndipo ndimuperekeza ndekha. Anaigwira ndi zala ziwiri. Akuti owerenga komiki ndi ochepa, anthu aziti wabwera kudzakolopa, amuseka pamaso pa holo yonse. Koma njira ina panalibe, anavomera nkhope ili gwa.

Ndinaichepetsa m'chiuno. Magazi tinapaka a bitiruti. Chitsulo cha diripi tinapanga ndi mtengo wa mopu, hang'ala ndi matayala a mpando wothyoka.

Loweruka muholo munali michombo isanu, yonse ikunjenjemera. Tiffany milomo inali itachita buluu, ndinamufunditsa jekete langa. Atamuitana Christabel, anakwera pansanja akukoka chimtengo chake, matayala akulira kwii, kwii. Holo yonse zii. Wina kumbuyo anaseka. Ndinaona mwana wanga akuyang'ana kukhomo.

Ndiye anawerama. Anasisita bondo pang'onopang'ono, n'kuusa moyo wautali wa munthu amene wanyamula nkhalamba tsiku lonse.

Kunali chiphokoso. Kani owerenga komiki analipo ambiri, anaimirira pamipando, ena akusisita maondo awo. Ine ndinaimba nthungululu, azungu oyandikana nane n'kudzidzimuka. Michombo isanu ija inatuluka chimanjamanja, wanga anatenga malo achiwiri, kumbuyo kwa mnyamata amene anavala mapiko oyaka magetsi.

Pa sitima yobwerera ku Leicester anakumbatira kachikho kake, chimtengo chili pakati pa miyendo. Anandigunda ndi chigongono, n'kuyankhula Chichewa chake chokhotakhota chija.

"Amayi, bondo lija sindinaonere m'komiki. Ndinaonera inu."

"Usayedzamire mpando," ndinatero. "Bitiruti sachoka."