Nyumba Yodikira Ndevu

Azakhali anali atatsala pang'ono kukhala pampando wa pakona pomwe Mzime anawagwira mkono.

"Osati pamenepo, azakhali. Mwendo wake ndi wocheka."

Azakhali anauyang'ana mpandowo, anamuyang'ana mwana wa mchimwene wawoyo, kenako anafunsa ngati m'nyumbamo munatsala chinthu ngakhale chimodzi chosakhala chabodza. Funso lomveka ndithu. Kapu ya patebulo inali yomata ndi guluu. Wotchi ya pakhoma anaiimitsa dala. Mawindo a pabalaza anawakuta ndi nsalu zakuda, moti masana ankakhala ngati magetsi athima. Ndipo pansi ponse panali timatepi tomata, tofiira ndi tobiriwira, tosonyeza poima aliyense wosewera.

Malemu, bambo ake a Mzime, ankalemba ndi kutsogolera mafilimu. Mphoto anali nazo zokwanira, zifanizo zolemera zomwe Amayi ankatsekereza nazo chitseko cha kukhitchini kukachita mphepo. Anthu ankawatchula kuti a Tibwereze, chifukwa ngakhale wosewera alire mpaka mamina, iwo ankangogwedeza mutu n'kuti, "Zabwino kwambiri. Tibwereze." Filimu yawo yomaliza, monga mafilimu awo onse, ankaijambulira pabalaza pawo pomwe, ati nyumba zobwereka sizidziwa kusewera. Mtima unawagwetsa kutatsala chigawo chimodzi chokha, chotsekera.

Chigawo chimodzi si nkhani. Nkhani inali Mandevu, wosewera wamkulu. Iyeyu atangomva za imfayo anaganiza kuti filimu nayo yatsikira kuli chete, ndiye anakameta ndevu zonse kuti akasewere malonda a sopo. Anabwera kudzapepesa chibwano chili mbee ngati dzira. A Kamera, omwe anajambula mafilimu onse a malemu, atamuona analira kuposa mmene analirira kumanda.

Ndevu zomata? Malemu ankanena kuti tsiku lomwe munthu adzamate ndevu mufilimu yawo adzadzuka kudzazizula okha, ndipo palibe ankafuna kuyesa. Choncho chigamulo chinali chakuti pabalaza pasasunthe kanthu mpaka ndevu zimere. Woyang'anira lamuloli anali Mzime. Ndiyo inali ntchito yake kwa bambo ake: kujambula chipinda pafoni ndi kuonetsetsa kuti chilichonse chili pomwe chinali dzulo.

Ndiye banja linatsekeredwa ndi chibwano cha munthu wina. Odzapepesa ankaima mukhonde ngati odikira dokotala. Amayi ankayenda pakati pa khitchini ndi chipinda chogona, akudutsa pabalaza pawo chammbali, mapewa akukhula khoma. M'mawa uliwonse Mandevu ankatumiza chithunzi cha chibwano, ndipo a Kamera ankachikuza ndi zala ziwiri n'kuusa moyo. Zinkamera ngati udzu wa pathanthwe.

Azakhali ndiwo ankasonkhezera moto. Ankauza Amayi kukhitchini, mokweza kuti Mzime amve, kuti mchimwene wawo analanda nyumbayo ali moyo, ndipo tsopano akuilanda ali m'bokosi. Kuti mkazi wamasiye amafunika mpando wake ndi dzuwa. Mzime akayankha kuti dziko lonse likudikira filimuyo, azakhali ankati dziko lonselo libwere lidzakhale mumdimamu.

Amayi ankangopitiriza ntchito zawo. Koma tsiku lina masana Mzime anawapeza atagwada pabalaza, akumatula matepi ndi mpeni wa buledi.

"Amayi, chonde."

"Ndakhala mlendo m'nyumba muno zaka zonsezi," anatero osatembenuka. "Ndikabwera ndi tiyi, khala chete. Ndikatsokomola, tibwereze. Mwamuna wanga wamwalira ndipo ndilibe pokhala kuti ndimulire. Ukufuna ndikalirire pa sinki?"

Mzime anali ndi mawu ambiri, koma onse anali a bambo ake. Anaimbira a Kamera, omwe anafika thukuta lili kamukamu, chipewa chili m'manja. Anayesa kunyengerera: kuti ndevu zayamba kuda, kuti kwangotsala pang'ono. Amayi anapitiriza. Tofiira ta Mandevu tinachoka. Tobiriwira ta mtsikana wosewera ngati mwana wake tinachoka. Azakhali ankatolera n'kumaponya m'thumba la zinyalala, akung'ung'udza kanyimbo.

Kanatsala kamodzi, koyera, pafupi ndi khomo la kukhitchini. Kanali kakale, kakuda m'mbali, komatidwa pamwamba pa tinzake tambiri. Amayi anafunsa kuti aka n'ka ndani. Mzime anayang'ana m'foni. Kanalipo pazithunzi zonse, koma wosewera wa tepi yoyera kunalibe, ndipo malowo kamera sinkafikako n'komwe.

A Kamera anapotokola chipewa. Anati iwo anauzidwa kuti akadzaulula adzawachotsa ntchito, koma poti wochotsayo wapita, basi. Anafunsa Amayi ngati akukumbukira mmene malemu ankaimitsira anthu onse, osewera atavala kale, magetsi akuotcha, n'kumati kuwala sikunakwane.

Amayi anati akukumbukira bwino. Anthu ankatukwana chamumtima, ndipo iwo ankathamanga ndi tiyi kuti mitima izizire.

"Kuwala kunali bwinobwino, mayi," anatero a Kamera. "Ine ndi amene ndimayeza. Ankadikira inu. Mukafika ndi thireyi mumaima pamenepo nthawi zonse. Akakuonani ndiye amati tiyambe."

Azakhali anasiya kanyimbo kaja.

A Kamera anapitiriza kuti bwana sankayang'ana kwenikweni osewera. Ankayang'ana pakhomopo. Amayi akangoima nkhope ili gwa, kunali kubwereza. Akaiwala thireyi m'manja, tiyi n'kuyamba kutayikira m'sosala, bwana ankanong'oneza kuti imeneyo ndiyo, sunga. Zifanizo zotsekereza chitseko zija, anatero, zinabwera ndi tiyi wotayika.

"Wabodza," anatero Amayi. Sizinadziwike ngati akunena a Kamera kapena malemu.

Anakhala pansi pomwepo, mpeni uli pamiyendo. Anati munthu ameneyu anawalembera anthu mawu okoma mafilimu onse aja, mawu oliza amayi a eni m'maholo, koma iwo sanawauzepo ngakhale kuti tiyi wakoma. Zaka zonsezi ankadziona ngati wosokoneza, kani anali pa ntchito yosalipidwa. Anaseka pang'ono, kuseka kwake kosamveka bwino, n'kupukuta m'maso ndi mkono.

Azakhali anati zimenezo zisawapusitse, mawindo atsekulidwe basi. Anali atagwira kale nsonga ya nsalu yakuda. Mzime sanawaletse. Anangoyang'ana mayi ake, foni ili m'manja, osadziwa ngati aisunge m'thumba.

"Mlamu, tasiyani kaye," anatero Amayi.

Amayi anaimirira pogwira khoma. Anayang'ana mdima wa pabalaza, kapu yomata, wotchi yakufa, mpando wocheka mwendo. Kenako anafunsa a Kamera kuti kodi ndevu za munthu waulesi ngati uja zimatenga nthawi yaitali bwanji. A Kamera anati mwina mwezi, mwina kuposerapo. Amayi anapukusa mutu. Anauza Mzime kuti akhuthule thumba la zinyalala lija, abwezeretse timatepi monga tilili m'foni, ndipo auze Mandevu kuti akangokhudzanso lezala adzaonana ndi iwo.

"Wandigwiranso munthu uyu," anatero motsitsa, akunena malemu.

Kona imodzi ya katepi koyera kaja inali itatukuka ndi mpeni. Amayi anaipondereza ndi chidendene, pang'onopang'ono, mpaka inamatanso. Ndipo anaima pomwepo kanthawi, manja ali patsogolo ngati anyamula thireyi, akuyang'ana mpando womwe malemu ankakhalapo pojambula.