Mapiritsi a Mlamu

Makina osokera anasiya kulira chifukwa phazi la telala linakana kuponda. Linali litatupa ngati buledi, moti patapata sankalowanso. Anakankhira pambali diresi la kasitomala n'kuyang'ana mlamu wake, mkazi wa achimwene ake, amene ankasita malaya pakona uku akuimba. Nayenso anali woyembekezera ngati telalayo, koma mapazi ake anali bwinobwino, mitsempha ikuoneka.

Awiriwa analowa limodzi m'kafukufuku wa kuchipatala atapita kusikelo. Madokotala ankafuna kudziwa ngati mankhwala ena angateteze amayi apakati ku bipi, matenda a kuthamanga kwa magazi aja. Anawauza poyera kuti ena alandira mankhwala enieni, ena mapiritsi ongofanana nawo opanda kanthu mkati, ndipo palibe adzadziwe zake mpaka kafukufuku atatha. Telala anavomera msangamsanga. Bipi inali itamulanda kale ana awiri, onse anabadwa osalira.

Dzulo lake anali atagwira namwino pamkono. "A nesi, ingondinong'onezani. Angawa ndi enieni?"

"Mayi, ngakhale ine sindikudziwa, adokotalanso sakudziwa," anatero namwino. "Tizikuyezani sabata ndi sabata, ikakwera tikupatsani mankhwala a bipi amene timapatsa aliyense. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kudekha! Nkhonoyo inayamba yaikapo mwana m'manda?

"Mlamu, taikani kaye pansi simbiyo," anatero telala tsopano.

"Kwagwanji, bwana? Mwana wayamba kumenya mpira m'mimbamo?" mlamu anaseka.

"Taonani mapazi anga, muone anu. Enieni anakupatsani inu. Ine ndikungomeza choko."

"Aaa, mwayamba liti udokotala?"

"Sindikuseka ayi. Tisinthane mabotolo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mlamu. Inu muli nawo kale atatu akukusokoserani kunyumba. Ine ndili ndi manda okhaokha."

Kuseka konse kunathera pomwepo. Mlamu anapisa m'chikwama, n'kutulutsa botolo lake, n'kukhuthulira mapiritsi patebulo lodulirapo nsalu. Telala anakhuthula ake chapambali. Oyera, obulungira, ofanana ngati mabatani a shati imodzi.

"Tengani onse, sindikukumanani," anatero mlamu motsitsa mawu. "Koma ndiyankheni kaye. Ine bipi sinandivutepo chibadwire. Mapazi angawa angakhale chonchi ngakhale ndikumeza choko. Nanga ngati enieniwo ndi anuwo? Ngati ndi amene agwiriziza mwanayo kufika lero? Mukawasiya n'kumwa choko changa, zinthu n'kulakwika, ndidzawayang'ana bwanji achimwene anu? Inuyo mudzandiyang'ana bwanji?"

Telala anayang'anitsitsa mapiritsi aja patebulopo. Zimenezo anali asanaziganizire n'komwe. Anatola piritsi lake n'kulinyambita: lowawa. Anatola la mlamu: kuwawa kwake komweko. Anawanunkhiza, anawayang'ana pa kuwala kwa pawindo, anaswa piritsi limodzi ndi sizasi. Mkati munali ufa woyera basi.

Mantha anamugwira. Akasintha, mwina apha mwana ndi manja ake. Akapanda kusintha, mwina akumusiya afe akuona. Ndipo m'dziko lonse lino munalibe munthu woti angamugwadire kuti amuuze zoona.

"Ndiye nditani, mlamu?" Misozi inadonthera pansalu ya eni ake.

"Sindikudziwa, mlamu wanga. Ndikanadziwa, bwenzi nditakuuzani kalekale."

Kunja kasitomala anagogoda, kufunsa ngati diresi lake latha. Palibe anamuyankha, mpaka anatopa n'kumapita akung'ung'udza.

Telala anabweza mapiritsi a mlamu m'botolo mwake, limodzilimodzi, n'kutseka. Kenako anatenga lake la tsikulo n'kulimeza popanda madzi. Linamukanda pakhosi.

"Tsekani shopu, mundiperekeze akandiyezenso lero lomwe," anatero. Poimirira anagwira pamimba ndi manja onse awiri. "Kaya ndi mankhwala, kaya ndi choko, gwira pomwepo mwanawe. Amako alibe china chokupatsa."