Satifiketi Yopanda Dzina

Zaka zisanu Sidik anakhala kutsidya kwa nyanja akuphunzira Chiarabu ndi Chiperisiya payunivesite, ndipo zonsezo anabwera nazo ku Ntaja zili papepala limodzi. Anthu ankamuseka kuti zilankhulo zimenezi azilankhula ndi mbuzi. Iye sankalabada, poti bungwe lina lomanga masukulu ku Balaka linkafuna womasulira makalata ochokera kunja.

Lolemba analawirira. Anatsanzika mayi ake, abiti Hamadi, amene anali atatha milungu iwiri akudwazika Lukiya, mlongo wake. Khadi la chipani anaika m'thumba kuopa achinyamata ofunsa makhadi padepoti.

Ku Balaka mlembi wa bungwelo, a Blasius, anatambasula satifiketi ija patebulo. Anaitembenuza, n'kuitembenuzanso.

"Zilembo za Chiarabuzi ine sinditha, achimwene. Ingondilozerani pamene pali dzina lanu."

Sidik analoza, chala n'kuuma. Mawu osindikiza onse analipo, chidindo chiliponso. Koma pamzere pamene panalembedwa dzina lake ndi inki panali mbee, pepala litachita makwinya.

"Ndiye mwini wake ndani?" anafunsa a Blasius.

"Ndine."

"Akutero ndani?"

Sidik anasokonezeka mpaka kutulutsa khadi la chipani, pepala lokhalo limene linali ndi dzina lake. A Blasius anaseka.

"Limenelo ngakhale khanda lili nalo. Pofika Lachisanu mubwere ndi umboni, apo ayi tifuna wina ku Blantyre."

M'basi mutu unaima. Mvula? Mwezi wa Okutobala uno, komanso sutikesi sidontha. Chiswe? Chiswe chanji chosankha dzina n'kusiya pepala? Pofika pa Liwonde munthu wophunzira uja anali atayamba kuwerenga adani ake pamudzi, ndipo anachita manyazi. Kalata yopita kuyunivesite ikanatenga miyezi iwiri, yankho miyezi ina iwiri.

Atafika anapeza Lukiya ali pabwalo akusinja mpunga, munthu amene dzana sankatha n'kukhala tsonga komwe. Mayi ake anali pamkeka akupeta.

"Amayi, alipo anatsegula sutikesi yanga?"

"Ndine. Ashehe ali kumaliro ku Chiuta, ndiye ndikanatani? Paja iwo amalemba mawu a Mulungu pambale, ife n'kutsuka, wodwala n'kumwa madziwo. A papepala lako aja ndiye ochokera kwawo kwenikweni kwa zilembozo. Nditatsuka, enawo amakana kuchoka, koma mzere umodzi unalola, Lukiya n'kumwa madziwo. Pepalalo ndinaliumitsa bwinobwino padzuwa."

"Amayi! Amenewo sanali mawu a Mulungu. Linali dzina langa!"

Abiti Hamadi anasiya kupeta. Anayang'ana Sidik, kenako Lukiya.

"Dzina lako? Iyayi, mwanangu. Nanga wachira bwanji?"

Sidik anayasama. Ukali unamubwerera, chisoni n'kuubweza. Angawakalipire bwanji mayi amene anagulitsa mbuzi zawo zonse kuti iye akwere ndege?

Anakhala pansi n'kuwafotokozera za a Blasius, za Lachisanu, za ntchito imene inali kumupulumuka. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope itagwa. Kenako anawala ngati atola ndalama panjira.

"Umboni basi? Bwanji osanena kale? Lachisanu upite naye Lukiya, akamuone okha."