Katapila Anadya Mango a Deliwe

Ngongole ya Deliwe inayamba ngati masewera. Mayiyu ankawamba nsomba ku Chipoka, ndipo mpamba utachepa anakatenga katapila kwa a Pitala, mwini golosale ya pamsika. Chikole chinali malo amene bambo ake anamusiyira, odzaza ndi mitengo ikuluikulu ya mango.

Posakhalitsa Kwacha inagwa. Abale inu, zinthu zinakwera ngati zalumidwa! Asodzi anakweza nsomba ati mafuta a injini adula, a nkhuni nawo anakweza, a Pitala osafuna kutsalira anakweza chiwongoladzanja.

"Ndalama ndinakupatsani ija inali yamphamvu, mayi," anatero a Pitala. "Mukabweza yomweyo ndiye kuti ndaluza ine. Nanga mukulirira chiyani nkhuni, mango ali pakhomo? Gwetsani umodzi, muwambe zambiri, tithane."

Deliwe anagwetsa umodzi, mtima ukuwawa. Ndalama yonse inathera pa chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo osakhudzidwa n'komwe. Mwezi wotsatira anagwetsa wina, kenaka winanso.

Tsiku lina aphunzitsi a Christobel, kasitomala wake wakale, anabwera kudzagula mlamba. Anapeza zitsa zokhazokha, mtengo utatsala umodzi.

"Achemwali, mukudzipha," anatero aphunzitsiwo. "Ngongoleyi imabereka mwezi ndi mwezi, koma mango amabereka kamodzi pa chaka, nsomba nazo zimaswana pa nyengo yake. Simungazifulumizitse. Ngakhale dziko likakongola kunja limachita zomwezi, kugulitsa nkhalango kuti lilipire chiwongoladzanja. Pafunika malamulo a ndalama asinthe, chiwongoladzanja chikhale ndi malire, kubweza kuziyendera nyengo ya zokolola. Koma lero lino, siyani nkhwangwa. Tiyeni kwa akomiti ya pagombe, akatiperekeze kwa a Pitala, aimitse chiwongoladzanjacho muzibweza pang'onopang'ono."

"Madamu, za malamulozo ndamva," anayankha Deliwe, "koma a Pitala akubwera Loweruka. Ndiye gombe lonse lidziwe kuti mwana wa malemu a Lenard wapinyolitsa malo a bambo ake? Ayi, manyazi ake sindingawathe."

Manyazi, manyazi! Mtengo wotsiriza unagwa uli ndi maluwa. Nkhuni zinalipo mulu, koma zowamba panalibe. Asodzi ambiri nawonso anali ndi ngongole zawo, ndipo anali atakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe ndi maukonde a maso ang'onoang'ono. Mabwato ankabwera opepuka. Deliwe ankakhala pamchenga mpaka dzuwa kufika pamutu, n'kubwerera ndi beseni lopanda kanthu. Nkhuni zija anazigulitsa motchipa kwa owotcha njerwa.

Mapeto ake a Pitala anabwera kudzatenga malo. Anazungulira bwalo lonse akupukusa mutu, n'kukhala pachitsa.

"Mayi, ine ndinalandira chikole cha malo a mango," anatero. "Awa ndi mchenga basi. Ndiwatenga, koma sakukwanira. Yotsalayo muzibwezabe."

Deliwe anayang'ana ana ake ataima padzuwa ndi mitolo ya zovala. Anafuna kuwakumbutsa a Pitala kuti ndi iwo anamuuza zogwetsa mitengo, koma akanapindulanji? Nkhwangwa anagwira yekha.

Phunziro: Chiwongoladzanja chimakula osapuma, koma mitengo ndi nsomba zili ndi malire. Musabweze ngongole powononga chimene chimakudyetsani. Ikakulemerani, iululeni msanga kwa amene angakuthandizeni kukambirana, ndipo tonse tisatope kufuna malamulo oteteza okongola.