Mlatho wa pa Kamphale

1.
Mvula inali itagwa sabata yonse. Mkazi wanga Felesiya anayamba kumva ululu m'mamawa. Azamba anamugwira pamimba, nkupukusa mutu. Mwanayu wapingasa, a Lufeyo, thamangirani naye kuchipatala. Ndinamanga ng'ombe pangolo. Chipatala chinali tsidya lina la mtsinje wa Kamphale.

2.
Madzi.

3.
Aphwa posachedwa, anatero anthu amene tinawapeza pagombe. Iwe Felesiya unali gone m'ngolo, ukuluma chitenje. Aphwa posachedwa. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, amayi osawadziwa anakutchingira ndi nsalu zawo, ine anandiuza kuti ndisendere uko, ndinasenderadi, ndinayima pafupi ndi ng'ombe zimene zinkangodya msipu, ndinamva mwana akulira ndipo ndinadikira kuti ndimve mawu ako

4.
Mwanayo tinamutcha Dalesi.

5.
Zimene zinabwera pambuyo pake:
anthu oyeza malo, ndi timbendera tofiira
aphungu, nyengo ya chisankho
aphungu ena
chikwangwani chojambulidwa mlatho
chiswe
Ntchito iyamba posachedwa.

6.
Pamene makina anafikadi, Dalesi anali atakwatiwa. Lufeyo, imvi mbuu, analembedwa ganyu yosenza miyala. Ankasenza, nkutula, nkubwerera. Nsanamira ina anaikumbira pomwe panayima ngolo paja. Kapitawo anamufunsa, madala, mwatopa?
Ayi.
Ndiye mwangoyimiranji?
Anapitiriza kusenza.

7.
Tsiku lotsegulira amayi anavina. Bwana wochokera kuboma anadula riboni nanena pachimkuzamawu kuti palibenso mayi amene adzafere pagombe pano. Anthu akumudzi anatembenuka kundiyang'ana. Ndinawomba m'manja. Anatipatsa masikono. Ndinadya.

8.
Mlathowo sindinauwoloke. Tsidya linalo kunalibe chondipititsa.

9.
Lero mvula yagwanso. Dalesi wayamba kumva ululu wa pobereka. Mwamuna wa Dalesi ali ku Joni, foni ndinayimba ndine. Ambulansi yafika mpaka pakhomo. Dalesi ndi azakhali ake akwera kumbuyo, ine kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Ndinagwira chitseko ndi manja onse, maso patsogolo, kudikira mtsinje, kukonzekera kuuyang'ana uli wodzaza, wofiira, ukukokolola mitengo ngati tsiku lija.

Tifika nthawi yanji pa Kamphale? ndinafunsa.
Tadutsa kale, madala, anayankha dalaivala.
Kuti?
Paja matayala anangoti gugu paja.

Ndinacheuka. Pagalasi panali madontho okhaokha.

Felesiya, tsiku lonse lija. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Gugu.

Pamaliro ako sindinalire, unaona wekha. Anthu anandiyamikira kuti ndine wolimba mtima.

Kumbuyo Dalesi anagogoda pagalasi, nkhope ili thukuta lokhalokha.

Ababa, anakuwa, wowawidwa ndine, inu mukulira chiyani?