Mawu Otsala a Achemwali Ake

Akamamutchula pa wailesi ankayamba ndi mphotho zake: zitatu za zisudzo, ziwiri za mafilimu, ndi ina yochokera kunja, yolemera moti ankatsekerezera chitseko cha kukhitchini kuti chisamamenyeke ndi mphepo. Koma kwawo analibe nazo ntchito zimenezo. Kumeneko anali Namakutu basi, dzina limene achemwali ake aakulu anamupatsa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, atamupeza pansi pa tebulo akumvetsera nkhani za akuluakulu.

Dzinalo linamukhala. Tinene zoona, Namakutu sanapekepo chiganizo ngakhale chimodzi m'moyo wake. Atolankhani akamufunsa kumene amatenga mawu okoma chonchi, ankamwetulira n'kuloza mutu, koma limenelo linali bodza lamkunkhuniza. Mawu ankachita kutola. Ankayenda ndi kabuku kakuda m'chikwama, ndipo munthu akangoyankhula chinthu chokhala ndi mchere, iye ankanamizira kupita kuchimbudzi kuti akalembe. Mawuwo akalowa m'sewero, ankawakhwatcha m'kabukumo ndi bolopeni yofiira kuti asadzawagwiritse ntchito kawiri. Njira yake inali imeneyo kwa zaka makumi atatu ndi zinayi.

Woyamba kutoledwa anali bambo ake, okonza njinga. Munthu akachita zinthu mopupuluma, iwo ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Njinga yopanda mabuleki sifunsa njira." Ankanena kasanu pa tsiku, mpaka ana ankawatsanzira kuseri. Mawuwo analowa m'sewero loyamba la Namakutu, anthu m'holo anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo chichokere pamenepo bambowo sanawanenenso. Namakutu ankati ndi manyazi.

Wachiwiri anali mwamuna wake, munthu wanthabwala amene ankatha kuseketsa ndi wapolisi wa pamsewu yemwe. Nthabwala zake zinadzaza filimu yonse. Patapita zaka zitatu anali bambo wongokhala phee pakhonde, ndipo tsiku limene ananyamula sutikesi yake sanapeze n'chotsanzikira chomwe. Namakutu ankati chikondi chimatha, si zachilendo.

Koma chitsime chenicheni anali achemwali akewo. Mayi awo atamwalira, iwo ndiwo anamulera, akusoka zovala m'kashopu kopanikizana pakati pa ometa ndi ogulitsa utoto. Pakamwa pawo panalibe chitseko. Mayi wonenepa akabwera kudzadandaula kuti diresi yamuthina, ankamuyeza ndi tepi n'kumuuza kuti, "Nsalu ndi yanu ndithu, koma mimbayi mwabwereka kwa ndani?" Ndipo mayiyo ankabweranso mwezi wotsatira, chifukwa kutukwanidwa ndi telala ameneyu kunkakoma kuposa kuyamikiridwa ndi wina. Namakutu anatungamo masewero atatu ndi filimu imodzi.

Tsopano achemwaliwo ankakhala kwa iye, m'chipinda choyang'ana kumsewu, manja ali pamiyendo. Madokotala anaunika mutu, anaunika pakhosi, sanapeze kanthu. Ankadya bwino, ankasamba okha, ulusi ankalowetsa pasingano popanda magalasi. Kungoti mawu munalibe.

Tsiku lina masana, Namakutu akusakasaka choti aike m'filimu yatsopano, anatsitsa katoni ya timabuku takale. Anatsegula kamodzi, kenako kena. Masamba anali psuu ndi mizere yofiira. Anayamba kuwerenga zokhwatchazo chimodzichimodzi, akudzifunsa kuti mawu awa ndinawamva liti komaliza, nanga awa. Yankho linali limodzimodzi: asanalowe m'sewero.

Anathamangira kuchipinda kuja. "Achemwali, tamverani. Nsalu ndi yanu ndithu, koma..." Anadikira kuti amalize. Iwo anangomuyang'ana ngati munthu amene akudikira kuti auzidwe mtengo wa chinthu.

Namakutu anaganiza zobweza zimene anatenga. Anabweretsa sewero lake lachiwiri, nakhala pamphepete pa bedi n'kuwawerengera mokweza mawu awo omwe, tsamba ndi tsamba, kwa ola lathunthu. Achemwaliwo anamvetsera mwaulemu. Pena ankamwetulira ngati akumva za munthu wa kutali amene angakonde kudzakumana naye. Palibe liwu limene linabwerera. Atatseka bukulo, iwo anamuyang'anitsitsa kumaso, nkhope n'kusintha, n'kunena chinthu chokhacho chimene chinawatsalira:

"Iwe Namakutu, wadya koma?"

Ankamufunsa chomwecho kuyambira ali mwana wasukulu, ndipo ankamufunsabe kamodzi pa tsiku, dzuwa likafika pamutu. Pa mphindi imeneyo maso awo ankakhala ndi munthu mkati, ankamudziwa kuti uyu ndi mng'ono wanga. Ikadutsa, ankabwerera kumene amakhala. Namakutu analira tsiku limenelo kuposa mmene analirira pa maliro a bambo ake. Mawu a funsolo anawapeza m'kabuku koyambirira kenikeni, osakhwatcha. Ankawaona ngati mawu wamba, n'chifukwa chake anapulumuka.

Anang'amba tsambalo n'kuliotcha pa mbaula. Bolopeni yofiira anaithyola pakati n'kuitaya m'bini ya kumsewu. Analumbira kuti dzanja lake silidzalemba mawu amenewo, ngakhale amulonjeze mphotho yaikulu ngati nyumba. Mtima unakhalako pansi, poti ankakhulupirira kuti mfiti yake inali bolopeniyo.

Vuto linali filimu ija. Inali ya akazi awiri apachibale, wamkulu telala, ndipo gawo lomaliza linali lisanapse. Wamng'ono akubwerera kwawo patapita zaka zambiri, akuima pakhomo la shopu, wamkulu akutukula mutu pa makina. Anene chiyani? Kwa nthawi yoyamba Namakutu anayesa kupeka yekha. Analemba kuti, "Mtima wanga unali chipululu, lero mvula yagwa."

Dayilekita, bambo wamfupi wosachedwa kupsa mtima, anawerenga n'kuvula magalasi. "Mayi, izi mwalemba ndinu kapena mwatuma munthu? Telala wake uti amayankhula ngati khadi la ukwati?"

"Jambulani zomwezo. Ndilibe zina."

"Tijambula, nanga titani. Koma mbiri ikuonongekayi ndi yanu."

Tsiku lojambula gawolo, mayi amene ankatsala ndi achemwali anatumiza uthenga kuti mwana wake wadwala. Namakutu sakanawasiya okha, choncho anawaveka juzi n'kupita nawo. Ankajambulira m'nyumba yakale yosungiramo katundu, yamalata aatali, yopanda mawindo. Kunja dzuwa linali phwee, koma mkati munali mdima wozizira, kupatula pakati pomwe magetsi akuluakulu ankawalira pa kashopu kopangidwa ndi matabwa opyapyala. Namakutu anaima chilili. Anali atakafotokoza yekha papepala, komabe kukaona ndi maso kunamuwaula: makina akuda opalasa ndi phazi, kachitini ka mabatani, kalendala yopachikidwa mopendama, choko chabuluu pa tebulo. Khoma lachinayi panalibe, ndipo kuseri kwa chitseko kunalibe msewu, kunali zingwe za magetsi.

Anawakhazika achemwali pa benchi kumbali, nawafunditsa nsalu m'miyendo. Iwo anayang'ana kashopuko nthawi yaitali, phazi lawo lakumanja likupalasa pang'onopang'ono pa simenti.

Wosewera gawo la telala anali mayi wina amene anzake ankamutcha Kalilole, chifukwa akakuyang'ana mphindi zisanu ankatha kuyenda ngati iwe mpaka mwana wako kusokonezeka. Anatuluka m'chipinda chovalira atakoloweka tepi m'khosi, napereka moni kwa achemwali a Namakutu mogwada. Kenako anakhala chapatali n'kumawayang'ana. Posakhalitsa phewa lake lakumanzere linatsika, khosi linapendekeka, ndipo phazi lake linayamba kupalasa pa simenti. Namakutu sanazikonde, koma ndiyo ntchito yake, akanamuletsa bwanji?

Anajambula kasanu ndi kamodzi. Ulendo uliwonse Kalilole akafika pa chipululu ndi mvula, wina kumbuyo kwa kamera ankatsokomola pobisa kuseka. Dayilekita anaponya chipewa pansi. Anamukokera Namakutu pambali, nayamba kukangana monong'ona, wina akuti sinthani, wina akuti sindisintha. Palibe amene anazindikira kuti nthawi yakwana thwelofu.

"Iwe Namakutu, wadya koma?"

Mawuwo anachokera pa benchi paja, osakweza, koma anamveka nyumba yonse. Wogwira ndodo ya maikolofoni anatembenuka. Dayilekita anatsala kukamwa yasa. Ndipo Namakutu anaona milomo ya Kalilole ikugwedera popanda liwu, ikulawa mawuwo.

"Ndi amenewo!" anatero dayilekita. "Mayi, mawu mumawasunga pa benchi, ife tikuvutika pano? Aliyense pamalo pake!"

Apa ndi pamene Namakutu akanakuwa. Akanagwetsa magetsi, akanawanyamula achemwali ake n'kuthawa nawo. Koma anadziuza kuti sindinalembe, tsamba ndinaotcha, bolopeni kulibe, ndiye chingachitike n'chiyani? Ndipo pansi pa maganizo amenewo panali china chochititsa manyazi: makutu ake aja, amene anamudyetsa zaka zonsezi, anali atamva kale kuti filimu yonse imadikira mawu amenewa. Anafuna kuwamva pamenepo kamodzi kokha. Anawasiya ajambule.

Kamera inayamba. Wosewera wamng'ono anaima pakhomo ndi chikwama chake. Kalilole anapalasa makina, anaima, anatukula mutu. Anamuyang'ana mng'ono wake wa m'filimuyo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nkhope n'kusintha. Dzina lokha ndi limene anasiya.

"Iwe, wadya koma?"

Sanatsanzire. Liwu linali lomwelo, lokhala ndi kamkwiyo pamwamba ndi nkhawa pansi, liwu limene linkamudikira Namakutu pakhomo la shopu akamaweruka kusukulu. Dayilekita anaiwala kuimitsa kamera, ndipo ataimitsa, anthu anaomba m'manja, wopaka anthu zodzoladzola akupukuta misozi ndi thonje lake la ntchito.

Namakutu sanaombe nawo. Anapita pa tebulo la tiyi, nathira makapu awiri, n'kupita pa benchi. Achemwali ake anamuona akubwera. Anamwetulira mwaulemu, nasendera kumapeto kwa benchi kumupatsa malo, monga timachitira ndi munthu wosamudziwa m'basi.

"Achemwali," anatero Namakutu. "Ndine."

Iwo analandira kapu ndi manja awiri.

"Achemwali, lero sindinadye. Chidzukire sindinaike kanthu m'kamwa. Mwamva? Sindinadye."

Anauzira tiyi wawo, namwa pang'ono. Phazi lija linali litaleka kupalasa. Namakutu anayang'ana m'maso mwawo kufunafuna munthu, ndipo anapezamo magetsi a kashopu kamatabwa basi. Anaika kapu yake pansi, nagwira dzanja lawo. Linali lofunda, lamoyo, lokhala ndi zipsera zonse za singano, ndipo silinamugwire.

Anakhala choncho mpaka anthu anayamba kuzimitsa magetsi ndi kukulunga zingwe. Wina anatsegula chitseko chachikulu, dzuwa la masana n'kulowa. Kalilole anatuluka movalira atavala zake, nsapato zazitali, foni ili kukhutu, akuseka ndi munthu wina za ulendo wa mawa. Anadutsa pa benchipo osayang'ana. Atayenda mapazi atatu anaima ngati wakumbukira moto umene wasiya kunyumba. Foni inatsika pang'onopang'ono. Phewa lakumanzere linatsika nalo. Anatembenuka, ndipo nkhope yake inali yodabwa, ngati pakamwa pakuyenda popanda kumupempha.

"Iwe Namakutu," anatero mayi amene sanamuitanepo ndi dzina limenelo, "wadya koma?"

Namakutu anadziwa kuti sayenera kuyankha. Anadziwa bwinobwino. Koma njala ya liwu limenelo inamuposa mphamvu.

"Sindinadye, achemwali," anatero, akuyang'ana mlendoyo, dzanja la m'bale wake lili m'manja mwake.