Ayisha, Tseka Chitseko

"Anganga, akawotcha nyimbo, phulusa lake limagwera kuti?"

Anafunsa ndi Maryam, chaka chatha, atamva anyamata a kabaza akuuzana kuti akupita kwa Usumani kukawotchetsa nyimbo. Agogo ake, Che Twalibu, anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anamugwira khutu mdzukulu wawoyo nati, "Limagwera umu." Onse pakhomopo anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Yasmin, mayi wake wa Maryam, anakumbukira funsoli akupeta mpunga wa sadaka kuseri kwa nyumba, dzuwa lili paliwombo, dothi la pamanda a bambo ake, Che Twalibu, lisanaume. Mumsewu wochokera ku msika wa Nselema munkabwera njinga, ndipo panjingapo panali mawu a Che Twalibu.

Ankaimba zikiri, monga ankaimbira pa maliro a anthu ena zaka zonsezi, mawu okhuthala ochokera pansi pa chifuwa. Anayamba chapatali, nakula pamene njinga inkayandikira mpanda. Itafika pa mtengo wa mango kuimba kunaduka. Kunamveka kutsokomola. Kenaka mawu omwewo, osaimba tsopano, mawu a m'nyumba:

"Ayisha, tseka chitseko."

Kuimba kunayambiranso, n'kumazilala cha ku chigayo.

Yasmin anasiya lichero nathamangira m'nyumba kudzera khomo la kuseri. Anapeza mayi ake ataimirira, dzanja lili pa chitseko chimene chinali chotseka kale. Ankachikankha ngati akufuna chilowe m'khoma.

Pa Nselema ponse mayiwa ankadziwika kuti Abiti Salimu. Dzina loti Ayisha ankaitana ndi munthu mmodzi yekha, ndiponso pakakhala palibe alendo. Tsopano anali pa eda, miyezi imene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba, osapita kumsika, osaonana maso ndi amuna omwe si abale ake. Dziko lawo linali mkeka, zenera laling'ono ndi chitseko chimenechi.

"Amayi, ndi foni. Ndi mnyamata wa kabaza wadutsa."

"Ndikudziwa kuti ndi foni," anayankha Abiti Salimu osatembenuka. "Nanga ndisatseke?"

Mmene nyimboyo inatulukira panalibe chobisika. Anajambula ndi Yasmin yemwe, nyengo yotentha ya chaka chatha, bambo ake akuyeserera zikiri imene anapeka okha. Anamuuza kuti aisunge, ikhale ya pakhomo. Tsiku la maliro magetsi kunalibe, foni inathima, ndipo Yasmin anaipereka kwa Usumani, woyandikana nawo nyumba, amene ali ndi sola pa benchi yake kumsika. Foni inabwerako yodzaza moto. M'mawa mwake anthu anali atayamba kale kufika pa benchipo ndi timamemore tawo, akufunsa, "Muli nayo ya malemu ija?"

Kuchokera pamenepo inafala foni ndi foni ngati chimfine. Ankaiimba mayi wogulitsa mandasi pa siteji. Ankaiimba a pa chigayo akathimitsa injini. Atsikana pa mjigo ankaika foni pa chidebe, akupopa madzi motsatira kupuma kwa zikiriyo. Palibe ankachita mwano. Ambiri ankaimvera misozi ili m'maso, poti Che Twalibu anaperekeza abale awo ambiri kumanda. Koma aliyense wodutsa pa msewu uja ankadutsa ndi mawu atatu aja, ndipo nthawi zonse Abiti Salimu ankadzuka.

Ankadzuka ali pakati pa kudya, chakudya n'kuzizira. Tsiku lina anadzuka ali pakati pa pemphero la swala, ndipo atazindikira chimene achita anakhala pansi n'kuyang'ana manja awo nthawi yaitali. Masana ena mafoni awiri anakumana, ina kumsewu, ina kunjira ya kumjigo, moti malemu anaitana kum'mawa, asanamalize n'kuitananso kumadzulo. Mayiwo anaima pakati pa chipinda akutembenuka uku ndi uku.

Chimene chinamuopsa Yasmin chinachitika Lachitatu. Mawu anamveka pafupi penipeni, ngati munthu waima pakhonde. Anatuluka kuti amupemphe mwini foniyo atsitse. Msewu unali mbee, kuyambira pa mango mpaka ku chigayo. Kunali mbuzi imodzi yokha, itaima ikuyang'ana nyumbayo. Mwina inali mphepo itanyamula mawu kuchokera kumsika. Yasmin anadziuza choncho, koma pobwerera m'nyumba anayenda chafutambuyo.

Mchimwene wake Abdulrahim, amene amagwira ntchito ku Balaka ndipo anali asanabwerere chifukwa cha sadaka, atamva zimenezi anavala nsapato, ulendo wa kumsika.

Anamupeza Usumani pa benchi yake, pansi pa malata awiri, kompyuta ili pa tebulo, mafoni a anthu atandandalikidwa ngati usipa pa thandala.

"Achimwene, mwabera maliro," anatero Abdulrahim, moni osapereka.

Usumani anachotsa chomvera m'khutu pang'onopang'ono. "Ndaba chiyani, Che Abdulrahim? Funsani alongo anu ngati mufoni mwawo mwasowa kanthu. Wakuba mbuzi amasiya khola lopanda mbuzi. Ine khola ndalisiya lodzaza."

"Nyimbo ndi chuma ngati munda. Lamulo lilipo. Mwini akamwalira imatsala m'manja mwa banja, osati mwa aliyense amene ali ndi chingwe cha kompyuta."

"Chiphaso changa chowotchera nyimbo icho chapachikidwa apocho."

"Chiphaso chimenecho chikuti muzitsegula mafoni a anthu obwera kudzatchaja?"

Anyamata a kabaza amene anali pa mthunzi anasiya bawo. Mmodzi anati, "Eee, apa ndiye alowa mkati," anzake n'kumugwira pakamwa.

Usumani anayang'ana pansi, koma sanagonje. "Zikiri ndi kutchula Mulungu. Kutchula Mulungu kuli ndi mwini? Bambo anu anaimba pa maliro a theka la Nselema osalipiritsa munthu. Lero anthu akufuna kuwamva, inu mukuti lamulo."

"Anthu akufuna kuwamva, inu mukugulitsa. Ndipo mukugulitsa ndi dzina la amayi anga lomwe. Mawa ndikubwera ndi apolisi. Kompyuta iyi mudzaionera ku khoti."

Atafika kunyumba anawauza mayi ake zonse, ali chiimire pakhomo la chipinda. Abiti Salimu anamvetsera mpaka kumapeto.

"Apolisiwo akatenga kompyuta," anafunsa, "atenganso foni ya wa mandasi? Ya atsikana a pa mjigo?"

Kunja, Maryam ndi anzake ankasewera masanje. Kamtsikana kena, kakukhuthalitsa mawu ngati bambo wa pakhomo, kanauza kanzake kuti, "Ayisha, tseka chitseko." Mayiwo anagwira khoma kuti adzuke. Abdulrahim anawagwira phewa, ndipo anamva mmene fupa linatulukira m'masiku ochepa okhawa.

Itatha swala ya Asiri, dzuwa litapendeka, Usumani analowa pa mpanda. Anavula nsapato pansi pa khonde, nakhala pa simenti moyang'anizana ndi chitseko chotseka. Abdulrahim anafuna kumubweza, koma mawu anachokera mkati.

"Musiye. Chitseko chilipo pakati pathu, eda sinasweke."

Usumani anapereka moni wa salamu, mayiwo nayankha.

"Amayi, sindinabwere kudzapempha za kompyuta," anayamba Usumani. "Ndabwera kuti mudziwe kuti nanenso ndili ndi changa mumtima. Tsiku limene ankajambula nyimboyi ine ndinali pa mpanda apo, ndikukonza njinga. Ndinamva kuimba, ndinaima kuti ndimvere. Foni inali m'manja, inde, koma sindinajambule. Kenaka ndinangomva, tseka chitseko. Chitseko phwaa, pamaso panga. Ine amene ndinakulira pakhomo pano, kunditsekera ngati fisi. Ndiye nditaipeza mufoni muja ndinati, chabwino, chimene anandibisira chija amve Nselema yense."

Mkati mkeka unakhwekhwereza, ndipo mawu a mayiwo anamveka pafupi, ngati akhala motsamira thabwa lomwelo.

"Usumani, mwezi umenewo akazi ako anali kuti?"

"Ilham? Anali chigonere. Ndi nthawi ija anatuluka m'chipatala mwana atapita padera."

"Ankagona chipinda chiti?"

Usumani anatembenuka. Kuseri kwa mpanda wa udzu kunkaoneka zenera la nyumba yake, loyang'anizana ndi khomo limene anakhalapoli.

"Iwe malemu sanakuone n'komwe," anatero Abiti Salimu. "Iyayi. Anamva Ilham akubuula. Anasiya kuimba, nandiuza nditseke. Nditatseka anandinong'oneza kuti, mwana wa eni ake akudwala apo, asamve nyimbo ya maliro, angayese tayamba kumukonzekera. Kunkatentha tsiku limenelo, malata akuchita kulira. Anamaliza nyimbo yonse chitseko chotseka, thukuta lili kamukamu, akuimbira pansipansi."

Yasmin, amene anaima pa ngodya ya nyumba ndi lichero, anakumbukira. Anali pomwepo ndi foni m'manja, koma kunong'onako sanakumve. Anangodandaula za kutentha.

Pamene Usumani anayankhula mawu ake anali ouma.

"M'nyimbomo, chitseko chikangotsekedwa, mawu amatsika. Ndinkayesa ndi foni inavuta. Ndinawakweza pa kompyuta. Ndinakweza mpaka pamapeto, kuti azimveka bwino pa sipika."

Abdulrahim, amene anali ataima ndi manja m'chiuno, anakhala pansi pa mpando wa bambo ake, kenaka anazindikira pamene wakhala nasunthira pa simenti.

Chapatali, cha ku siteji, zikiri ija inayambanso. Onse anayi anaimva ikubwera. Inakwera, inafika pa kutsokomola paja. Yasmin anatseka maso. Mawu atatu aja anadutsa pamwamba pa mpanda, okwezedwa, omveka ngati a pa msonkhano. Kuseri kwa chitseko kunamveka dzanja likugwira thabwa, koma silinakankhe. Linangokhala pomwepo.

"Zimene zapita sindingazitolere zonse, amayi," anatero Usumani nyimbo itazilala. "Zina zafika ku Ntaja, zina ku Joni kumene kuli ana a kuno. Ndikanama ndikati ndingathe."

"Sindinakutume ku Joni. Msewu wanga ndi uwu."

"A msewu uno ndimawadziwa onse. Palibe memore ya pa Nselema imene sidutsa pa benchi panga. Ndiyamba ndi a kabaza, kenaka a chigayo, kenaka wa mandasi. Amene akana kufufuta ndimuikira ina, yodula mawu ajawo, ndiponso yotsika monga anaimbira eni ake. Kugulitsa ndasiya. Za nyimboyo anene ndi ana anu, kaya aitsekera kaya aitulutsa mwa lamulo lawolo."

Abdulrahim anayang'ana chitseko, akudikira.

"Abdulrahim," anatero mayi ake, "mawa kuli mpunga wa sadaka wofuna kunyamula. Kupolisi kulibe mpunga."

"Ndamva, amayi."

Usumani anayamba kuvala nsapato. Atamanga imodzi, mawu anamuitananso, otsika kwambiri moti anachita kusendeza khutu ku thabwa.

"Ukamadula mawuwo, usataye onse. Usunge amodzi, pamalo pamene sipafika munthu. Usawaike mufoni ya wina aliyense, ngakhale ya Yasmin. Eda ikatha ndidzabwera ndekha kudzatenga."

"Ndisunga."

"Ndipo Ilham usamuuze msanga. Adzalira, ndipo ali ndi pakati."

Usumani anayang'ananso zenera lija. Nsalu yake inkagwedezeka pang'ono, ngakhale kunalibe mphepo.

"Ndalonjeza, amayi," anatero. Ananena motsitsa mawu, monga amayankhulira munthu pamene pafupi pagona wodwala.